Moto Timautchinga Usanayake

Amene mwayendapo pa msewu waukulu wa Great East m'miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, kuchokera pa mlatho wa Luangwa kudzera ku Kacholola mpaka ku Nyimba ndi ku Petauke, mukudziwa mmene mapiri a kwa Mfumu Nyalugwe amaonekera usiku. Mzere wofiira wa moto umakwawa m'mbali mwa phiri, ndipo kukacha pamatsala lupsa lokhalokha ndi zitsa zofuka utsi. Kawirikawiri woyatsa motowo sanafune zoipa ayi. Mwina ndi mnyamata wosaka mbewa, mwina wofula njuchi, mwina mlimi amene ankatentha mapesi m'munda mwake mphepo n'kumutembenukira. Komabe udzu wofolera nyumba umapsa, nkhokwe zimapsa, ndipo nthawi zina motowo umalowa ndi m'mudzi momwe.

Makolo athu anaona bwino pamene mkwiyo anautcha kupsa mtima. Iwo ankadziwanso chimene mlimi aliyense wa kuno akudziwa, kuti moto wa mu Okutobala, udzu utauma ndipo dzuwa la m'chigwa cha Luangwa likuswa mtengo, suzimitsika ndi nthambi zaziwisi. Wanzeru amalambula mozungulira nyumba ndi nkhokwe kukadali chisanu. Alangizi a za nkhalango, pamodzi ndi magulu a m'midzi amene lamulo la nkhalango la 2015 linawalola kusamala nkhalango zawo, amaphunzitsa kutentha tchire msanga, mu Meyi kapena Juni, udzu ukadali ndi chinyezi, kuti moto woopsa ukadzabwera udzapeze chakudya chake chitatha. Mwezi uno tifuna kunena kuti kuleza mtima nakonso n'chimodzimodzi. Munthu sakupeza pa ola limene wapsa mtima. Ngati sanakukonze masiku a mtendere, pa ola limenelo amapezeka ali manjamanja.

Tiyambe ndi kuchotsa mantha amene Akristu ena ali nawo. Kumva mkwiyo si tchimo. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene Papa John Paul II anamupereka mu 1992, amaphunzitsa pa nambala 1767 kuti zimene mtima umamva, paokha sizabwino kapena zoipa. Zimasanduka zabwino kapena zoipa malinga ndi mmene nzeru ndi kufuna kwathu zaziyendetsera. Pa nambala 2302 m'pamene amatchula mkwiyo wochimwa, umene uli chilakolako cha kulipsira. Ambuye Yesu nawonso anakwiya. Pa Marko 3:5 timawerenga kuti m'nyumba yamapemphero anayang'ana ndi mkwiyo anthu ouma mtima amene sankafuna kuti munthu wopuwala dzanja achiritsidwe pa Sabata. Koma taonani kumene mkwiyowo unathera: dzanja la munthu uja linachira, ndipo palibe amene anapwetekedwa. Thomas Aquinas Woyera anafika pophunzitsa kuti munthu amene sakwiya konse ngakhale aone chosalungama, nayenso ali ndi chilema. Choncho Mkristu wofatsa sindiye munthu wopanda magazi. Ndi munthu amene amasankha yekha chimene mkwiyo wake uti uchite.

Vuto n'lakuti nthawi yosankhira ndi yochepa kwambiri. Munthu akakwiya mtima umagunda mofulumira, mpweya umafupika, minofu imakungika, ndipo thupi limakonzekera nkhondo nzeru isanafunsidwe. Akatswiri a uphungu wa mabanja amalangiza kuti pafunika mphindi zosachepera 20 kuti thupi libwerere m'malo mwake. Mawu onse olankhulidwa mkati mwa mphindi zimenezi ndi oopsa. Buku la Genesis, mutu 4, likutionetsa kampata komweka. Pakati pa kukwiya kwa Kaini ndi imfa ya Abele, Mulungu analankhula naye, namufunsa chifukwa cha nkhope yake yakugwa, namuchenjeza kuti tchimo lamubisalira pafupi ndipo ayenera kuligonjetsa. Mpata unalipo. Kaini sanaugwiritse ntchito.

Nkhani ya Mose pa Numeri 20 ndiyo itikhudza kwambiri ife a m'dera louma. Buku lomwelo limamutchula Mose kuti anali wofatsa koposa anthu onse. Koma pa Meriba zinthu zinamuunjikira. Mlongo wake Miriamu anali atangomwalira, madzi kunalibe, ndipo anthu anali kumulalatira. Mulungu anamuuza kuti alankhule ndi thanthwe. Iye anawazazira anthu namenya thanthwelo kawiri ndi ndodo. Madzi anatuluka ndithu, koma Mose sanalowe m'dziko lamalonjezo. Maliro, ludzu ndi phokoso la anthu zinagwetsa munthu wofatsa woteroyo. Nanga ife?

M'chinenero chathu muli mawu awiri amene timawasokoneza: kupirira ndi kuleza mtima. Chigriki cha Chipangano Chatsopano nachonso chili ndi mawu awiri osiyana, lina lonena za kusenza mavuto osafooka, lina lonena za kuchedwa kukwiyira munthu. Pa kupirira, anthu a kwa Nyalugwe, kwa Luembe, kwa Ndake ndi kwa Mwape safuna mphunzitsi. Achikulire akukumbukira chilala cha 1992. Ana omwe akukumbukira cha 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi, chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chitauma m'minda. Amene ali ndi minda kufupi ndi Luangwa amagona m'misasa miyezi yathunthu kuimba zitini kuti njovu zisalowe, ndipo usiku umodzi wokha umatha kufafaniza thukuta la chaka chonse. Zonsezi anthu amazisenza, ndipo chaka chinacho amabzalanso.

Komatu apa m'pamene pabisala msampha. Mvula sungaiitanire ku bwalo la amfumu. Njovu sungailipitse mbuzi. Mkwiyo umene wasowa mwini wake suthera m'munda. Munthu amabwera nawo kunyumba atausenza ngati mtolo, ndipo amautula pa woyamba kukumana naye amene ali wofooka kuposa iye. Mbuzi ya mnansi yalowa m'dimba n'kudya masamba pang'ono, ndipo mwini dimba, amene dzulo njovu zinamuthera munda wonse osanena kanthu, lero watenga nkhwangwa. Mwana wataya ufa pang'ono pochokera ku chigayo, ndipo mayi amene wagona ndi njala masiku awiri wamukwapula mopyola muyeso. Ndiwo zachepa mchere, ndipo bambo amene ngongole ya feteleza yamusowetsa tulo wagubuduza mbale. Pa milandu yonseyi mbuzi, ufa ndi mchere ndi chonamizira chabe. Ife tikuganiza kuti theka la mikangano ya m'midzi mwathu ikanafa yokha munthu akanadzifunsa funso limodzi asanatsegule pakamwa: kodi amene wandipweteka kwenikweni ndi uyu waima pamaso pangayu? Tikhoza kukhala ngwazi pa kupirira koma makanda pa kuleza mtima, ndipo am'nyumba mwathu ndiwo amalipira kusiyanako.

Makolo athu a Chinsenga ndi a Chichewa anali atalambula kale malire awo. Ukwati sunkayamba popanda ankhoswe, ndipo ankhoswewo ankasankhidwa anthu akukondana, mkangano usanaoneke n'komwe. Mwamuna kapena mkazi akalakwiridwa sankayenera kudziweruzira yekha. Ankapita kukadandaula, ndipo ulendo wopita kwa ankhoswe kapena kwa amalume unali kale mankhwala, pakuti pofika kumeneko mtima unali utazizirako. Pa bwalo la amfumu woimba mlandu ankalankhula atakhala pansi, mnzake osamudula mawu, ndipo nkhani ikatentha akuluakulu ankati tiigonere. Paja amati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Mwambo wonsewu unali ndi ntchito imodzi, kuika nthawi ndi anthu pakati pa mkwiyo ndi dzanja.

Lero zotchinga zimenezi zikugumuka. Achinyamata ambiri amalowana popanda ankhoswe, ena ali kutali ku Lusaka kapena ku Chipata kumene amalume sangafike. Foni ya m'manja yachotsa ulendo uja: mawu amene kale akanafuna kuyenda tsiku lonse kuti akafike kwa apongozi, tsopano amafika m'kamphindi pa WhatsApp, ndipo amatsalira pamenepo kuti aziwerengedwa chaka ndi chaka. Za mowa sitichulukitsa mawu. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma kachasu sanasamuke, ndipo aliyense akudziwa ola limene ndewu zambiri zimayambira.

Wina angatifunse kuti, kodi Paulo Woyera pa Aefeso 4:26 sakufuna kuti mkwiyo uthe tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe? Nanga akuluakulu bwanji akuti tiigonere? Ife sitiona kutsutsana. Chimene chiyenera kutha lero ndi mkwiyo. Chimene chingadikire mawa ndi mlandu. Mabanja ambiri amachita zosiyana ndi zimenezi: mlandu amafuna kuuthetsa usiku womwewo mitima ili yotentha, ndipo mkwiyo ndiwo amausunga mpaka mwezi. Bambo angathe kunena kuti, "Amake mwana, nkhaniyi yandiwawa, koma tiikambe mawa; tiyeni tipemphere tigone." Mlandu ukadalipo, koma udani wachotsedwapo. Papa Francis m'kalata yake ya mabanja, Amoris Laetitia, ya mu 2016, analangiza kuti tsiku lisathe m'banja musanabwerere mtendere, ndipo anati sipafunika kugwada kapena mawu ambiri, kachizindikiro kakang'ono n'kokwanira.

Eklezia ali ndi mphunzitsi wodziwika pa nkhani imeneyi, Francis de Sales Woyera, episkopi wa Geneva, amene anabadwa mu 1567 namwalira mu 1622, ndipo timamukumbukira pa 24 Januwale. Amene ankakumana naye ankamuyesa munthu wobadwa wofatsa. Zoona zake n'zakuti anali wamtima wapachala, ndipo analimbana nawo mtimawo zaka zambirimbiri. M'buku lake lolangiza anthu wamba za moyo wa chipembedzo, lotuluka mu 1609, anapereka malangizo amene mlimi wa ku Nyimba angawamve msanga. Loyamba, kufatsa kumakololedwa ndi kusungidwa nthawi ya mtendere, monga chimanga m'nkhokwe: uzolowere kulankhula modekha ndi mwana, ndi wantchito, ndi mkazi wako pamene palibe chakukwiyitsa, kuti pa tsiku loipa pakamwa pazidziwa kale njira. Lachiwiri, mkwiyo usaulole kulowa ngakhale ukuoneka wolungama, chifukwa palibe munthu wokwiya amene amayesa mkwiyo wake wosalungama. Lachitatu ndilo ambiri sitilidziwa: ukagwa, usadzikwiyire chifukwa chakuti unakwiya. Kudzitukwana ndi mkwiyo wachiwiri wobadwa ku kunyada. Dzuka mofatsa, kapepese msanga kwa amene unamulakwira, ndipo pitiriza ulendo.

Pamenepa sakramenti la kulapa lili ndi ntchito yaikulu, koma likhale la zoona. Kunena chabe kwa Bambo Mfumu kuti "ndinakwiya" mwezi ndi mwezi sikusintha kanthu. Munthu adzifufuze: ndimakwiyira yani, nthawi yanji, nditachokera kuti, nditamwa chiyani? Ambiri adzapeza kuti mkwiyo wawo uli ndi ola lake ndi njira yake ngati njovu zija. Amene wadziwa njirayo angathe kupangana ndi mnzake pasadakhale kuti, ndikafika ndatopa ndisafunsidwe za ndalama ndisanadye. Kapena kuti, mawu akayamba kukwera mmodzi wa ife atuluke akatunge madzi, ndipo winayo asamutsate.

Tsono pali chinthu china chimene tiyenera kuchinena mosabisa, chifukwa mawu akuti "pirira" avulaza amayi ambiri. Amayi athu a m'mabungwe amakonda Monica Woyera, mayi wa Augustine Woyera, wa ku Thagaste m'dziko limene lero ndi Algeria. Augustine analemba kuti bambo ake, Patricius, anali waukali, ndipo Monica sankamuyankha ali wokwiya. Ankadikira mtima wake utsike, kenaka n'kumufotokozera pamene analakwitsa. Patricius anabatizidwa asanamwalire. Phunziro lake n'lokoma: Monica sanameze choonadi, anangochisankhira nthawi. Koma alangizi ena amatenga nkhaniyi n'kuisandutsa chingwe chomangira mkazi womenyedwa kuti akhale chete. Kumeneko n'kulakwira Monica ndi Eklezia yemwe. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 m'Zambia, 36 anamenyedwapo chikwanitsire zaka 15. Amoris Laetitia, pa nambala 92, imanena poyera kuti kuleza mtima sikutanthauza kulola kuzunzidwa kosalekeza kapena kumenyedwa, ndipo pa nambala 241 imavomereza kuti nthawi zina kupatukana kumafunika pofuna kuteteza wofooka ndi ana. Malamulo a Eklezia, pa kanoni 1153, amalola chimodzimodzi pamene moyo kapena thupi zili pa ngozi yaikulu. Dziko nalonso lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2011, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Ankhoswe ndi atsogoleri a mphakati amene amabweza mwana wamkazi wotupa nkhope ndi mawu akuti banja n'kupirira, alangize woyenera kulangizidwa. Ulaliki wa kuugwira mtima upite kwa mwini dzanja.

Mkwiyo woopsa koposa ndi wa gulu, pakuti m'gulu aliyense amaona ngati tchimo ndi la mnzake. Tonse tikudziwa mmene zimayambira. Mwana wamwalira mwadzidzidzi, kapena mphezi yagwa pa nyumba. Pa maliro wina anong'ona dzina, kawirikawiri la agogo osauka okhala okha kumapeto kwa mudzi. Chisoni chimene chinalibe pogwira chapeza munthu. Pofika madzulo anyamata atola miyala.

Akatolika a ku Africa kuno tili ndi mboni ya magazi pa nkhani yomweyi. Benedict Daswa anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale ya Nweli, katekisti, ndi bambo wa ana 8, wa m'mudzi wa Mbahe ku Venda, kumpoto kwa South Africa. Mu Januwale 1990 mphezi inatentha nyumba zingapo m'mudzimo, ndipo akuluakulu anagwirizana kuti aliyense asonkhe marandi 5 okalipira sing'anga woti aloze mfiti. Daswa anakana. Anafotokoza kuti mphezi ndi chilengedwe, ndipo chikhulupiriro chake sichimulola kupereka ndalama yoti munthu wosalakwa aphedwe. Pa 2 Febuluwale 1990, akubwerera kwawo madzulo, anapeza msewu watsekedwa ndi mitengo. Gulu linamuponya miyala, linamuthamangitsa, n'kumupha ndi chibonga. Anali ndi zaka 43. Eklezia anamutcha Wodala pa 13 Seputembala 2015. Chimene chimatikhudza pa munthu ameneyu n'chakuti yankho lake silinabadwe tsiku la msonkhano. Anthu a kwawo ankadziwa kale kuti iye sayenda kwa olosera. Anali atasankha zaka zambiri m'mbuyomo, ndipo mudzi wonse utapsa mtima iye yekha anatsala ndi nzeru zake.

Papita zaka zoposa 100 chitsegulire ansembe a White Fathers mishoni ya Minga mu 1923, ndipo lero palibe dera la Chinsenga limene Uthenga Wabwino sunafikeko. Komabe pa maliro ena oimba kwaya ndi oponya miyala amakhala anthu amodzimodzi. Ambiri sadziwanso kuti lamulo la dziko lino lokhudza ufiti limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo kumupweteka ndi mlandu woposa. Koma lamulo lili ku Nyimba, pamene miyala ili m'mudzi. Chimene chingapulumutse agogo aja ndi anthu a pomwepo amene anapangana kale chochita.

N'chifukwa chake tikupempha miphakati ya m'maparishi athu kuti nkhaniyi ikambidwe tsopano, kulibe maliro. Mugwirizane kuti dzina likayamba kunong'onedwa, ndani adzathamangira kwa a nyakwawa, ndani adzaimbira foni Bambo Mfumu ndi apolisi, ndi nyumba iti idzalandira woimbidwa mlanduyo usiku umenewo. Mugwirizanenso amayi ati adzakhala ndi ofedwa osawasiya okha, pakuti dzina loyamba limatuluka pakamwa pa wolira amene palibe womugwira. Amene adzaime pakhomo la agogo asakhale mmodzi; akhale asanu kapena khumi, odziwika nkhope, ena mwa iwo makolo a anyamata otola miyalawo. Alembi a mphakati alembe mayinawo m'kabuku ka msonkhano, ndipo awerengedwenso chaka chilichonse mvula yoyamba ndi mphezi zake zisanafike.